Duwa Loyera Kumunsi kwa Dimba

Tipton, 3 Malichi 2024

Wokondedwa mlongo wanga Godwin,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amayi. Ine kuno ku Ulaya ndikadapuma, kungoti kuzizira kwakana kutisiya.

Usadabwe kuti ndabwerera ku pepala ngati tili m'masiku a positi. Foni yanga sukuyankha, mauthenga ukungowasiya osatsegula. Ndiye ndalemba pamanja, ndijambula, nditumiza pa foni ya Beatrice, mphunzitsi uja. Ndamuuza kuti ukakana kuwerenga akuwerengere yekha mokweza pakhonde, anthu akumva. Ukumudziwa Beatrice, achitadi.

Ndi iyeyo wandiuza zomwe iwe ndi amayi mwandibisira. Akuti mkazi wako Kondi anachira pa 9 Febuluwale, mwana wamkazi, wa khungu lachialubino. Akuti sunamunyamule ngakhale kamodzi, ndipo atangotuluka m'chipatala unawakweza njinga yamoto kupita kwa amalume ake a Kondi, kwa Kamtedza. Masabata atatu tsopano mwana alibe dzina. Godwin, ngakhale ng'ombe zako zili ndi mayina.

Kondi ndinakupezera ndine, ku kwaya, iwe ukuopa ngakhale kumupatsa moni. Zaka zinayi wakhala pakhomo pathupo akulima nawe mbatatesi mpaka manja kung'ambika. Lero walakwa chiyani?

Ndikanakhala pafupi bwenzi nditabwera kudzakukoka khutu. Ndinapempha holide kwa manijala, iye anangonditembenuzira rota, ndandanda ya masiku a ntchito, dzina langa lili paliponse mpaka Disembala. Viza yanga inamangidwa ku kampani imeneyi. Akandichotsa ntchito ndili ndi masiku makumi asanu ndi limodzi oti ndipeze kampani ina yondisainira, apo ayi ndilongedze. Ndili ngati mbuzi ya pachikhomo. Ndimazungulira nyumba khumi za nkhalamba tsiku lililonse, kusambitsa, kudyetsa, kusaina buku, koma chingwe n'chomwecho.

Ndiyankhe. Undiuzenso kuti amayi akutipo chiyani.

Ndine mlongo wako,
Mabel


Lizulu, 16 Malichi 2024

Achemwali,

Tonse kuno tadzuka. Kalata yanu ndawerenga ndekha, Beatrice sanavutike.

Inu muli kutali, nkhaniyi mukuimva ndi khutu limodzi. Ine ndine mlimi. Chibadwire sindinabzalepo mbatatesi n'kukumba chinangwa. Ine wakuda, Kondi wakuda, amayi akuda, malemu bambo munkawadziwa, anali ngati makala. Ndiye mwana woyera mbee, tsitsi ngati ndevu za chimanga, wachokera kuti? Mbewu sinama, achemwali. Ikatuluka ina ndiye kuti wina anabzala.

Chaka chatha Kondi ankaphikira anthu oyeza malo a damu, ndipo pakati pawo panali mzungu. Sindinaone kanthu ndi maso anga, sindinama. Koma pamsika sindingathenso kutsitsa thumba mwamtendere. Anyamata a ngolo akangondiona amayamba: "Abwana, ndege ikubwera liti kudzatenga mwana?" Ena akuti mwina Kondi anaseka munthu wotere ali ndi pakati. Kaya n'chiti, koma zonsezo n'zake, si zanga.

Mwafunsa za amayi. Tsiku lomwe anakaona mwana kuchipatala anangoyang'ana kamodzi, n'kutula beseni pansi, n'kutuluka. Ndinawapeza atakhala kuseri kwa wodi. Anangoti, "Kwathu kuno kulibe zimenezi. Apite naye kutali msanga." Masiku awiri sanadye. Ndiye musamandiyese ngati ine ndekha ndiye woipa mtima.

Ankhoswe agwirizana kuti adzakhala pansi pa 3 Ogasiti, tikatha kukumba mbatatesi. Ine mawu anga ndi amodzi, banja latha.

Zina ndi zoti mvula yakokolola mizere kumtunda kwa dimba, malo achepa. Ndinapempha amayi kuti nditsegule kumunsi kuja, pa katope, koma akukanizabe monga kale, akuti pali njoka. Njoka imeneyi yakhala pamenepo chiyambire tili ana, kaya imadya chiyani.

Mukapeza wobwera kuno munditumizire jekete lokhuthala, Juni ali pafupi.

Godwin


Kwa Kamtedza, 30 Malichi 2024

Alamu anga,

Moni wochokera pansi pa mtima. Kalatayi ndapatsira wa njinga kuti akasiye kwa Beatrice. Ndamva kuti mukundimenyera nkhondo, Mulungu akudalitseni.

Sindilemba zambiri, pepala ndang'amba m'buku la sikelo. Alamu, pamaso pa Mulungu, mwamuna wina sindikumudziwa. Mzungu akunenayo ndinkangomuona patali, chakudya chake ankadya cha m'zitini.

Mwana ali bwino, akuyamwa kwambiri. Chibwano n'cha Godwin, chokhala ndi kadzenje pakati, koma ndani angayang'ane chibwano? Onse amathera pa khungu. Kuchipatala anandipatsa mafuta odzola ndi kachipewa, anati dzuwa lisamuwombe. Amalume nawo akuti ndisamatuluke naye, pano ndi pafupi ndi malire, anthu odutsa ndi ambiri ndipo mukudziwa zomwe zimachitikira ana otere. Choncho timangokhala m'nyumba, zenera lotseka ndi katoni. Kuchimbudzi ndimapita naye kumsana. Kumjigo sindinapiteko chibwerere.

Dzina sindinamupatse. Ndimangomuti Mwana. Amalume akuti ndimutche ndekha, koma ndikatero ndiye kuti ndavomera kuti kwa bambo ake kulibe womufuna.

Ndine mlamu wanu,
Kondi


Tipton, 14 Epulo 2024

Amayi, ndi iwe Godwin,

Moni nonse. Kalata ino sindijambula. Ndapatsira Mai Twambilile a kutchalitchi kwathu kuno, akubwera kumaliro ku Dedza. Ndawapatsiranso jumbo, m'menemo muli jekete, ndipo m'thumba la jeketelo muli envulopu ya nsawawa makumi asanu ndi limodzi. Musaphike. Werengani kaye.

Mwa nkhalamba zomwe ndimasamala muli bambo wina, a Wallace. Ankagwira ntchito yoyendera magalimoto pa fakitale ya ku Longbridge, itatsekedwa anatembenukira ku nsawawa. Kuseri kwa nyumba yawo, m'mbali mwa ngalande ya maboti, ali ndi kadimba ndi kanyumba kagalasi. Koma sitiroko inawapha mwendo ndi mkono, ndiye zaka ziwiri tsopano dimbalo amangolionera pazenera. Dzina langa linawakanika, amangonditi "bab", mmene amaitanirana kuno.

Tsiku lina anandipeza ndikulira ndikuwapakira buledi. Ndinawauza zonse. Sanandipepese n'komwe. Anangoti, "Bab, tsegula dirowa iyo." Munali maenvulopu a mbewu olembedwa zaka, ndi kope lodzaza manambala.

Akuti kalekale, zaka zoposa zana ndi theka zapitazo, kunali wansembe wina ku Ulaya konkuno amene anatha zaka zisanu ndi zitatu akukwatitsa nsawawa. Ankatenga ya maluwa ofiirira ngati a jakaranda, n'kutsegula duwa lisanakhwime, n'kupakamo ufa wa duwa loyera ndi kaburashi. Ana onse anatuluka ofiirira, popanda woyera ngakhale mmodzi. Aliyense akanati choyera chija chafa. Iye anasiya anawo kuti abereke okha, n'kubzala zidzukulu. Atawerenga anapeza zofiirira 705, zoyera 224. Pa zinayi zilizonse, pafupifupi chimodzi choyera. A Wallace abwereza zimenezi kwa zaka khumi ndi ziwiri, akuti ankafuna kumugwira bodza wansembeyo, koma analephera.

Ine ndinafunsa funso lako, Godwin. Ndinati mwina njuchi inabweretsa ufa wa kwina. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti duwa la nsawawa limadziberekera lokha lisanatseguke, chitseko chili chotseka. "Palibe mlendo analowa, bab. Choyeracho chinali m'nyumba momwemo, chinangokhala chete."

Akuti chamoyo chilichonse chimalandira ziwiri, china kwa mayi, china kwa bambo. Chakuda chikakumana ndi choyera, chakuda ndiye chimaoneka, choyera chimabisala koma sichifa. Chimatha kuyenda mibadwo chili phee, mpaka tsiku lomwe chidzakumane ndi chinzake chochokera mbali inayo. Sindinangokhulupirira za nkhalamba. Ndinafunsanso Sisita Rose, namwino wa ku Zambia yemwe timapemphera naye, ndipo anati ndi mmenenso chialubino chimayendera. Mayi yekha sangabereke mwana wotere. Pamafunika onse awiri.

Ndiye mvetsetsani. Kondi ali nacho, inde. Koma iwenso Godwin uli nacho. Choyeracho chili m'magazi athu, ndipo unachitenga kwa amayi kapena kwa malemu bambo.

Nsawawa ndatumizazi ndi zidzukulu. Zonse zinachokera pa mitengo ya maluwa ofiirira, ndipo muona nokha kuti n'zofanana ngati mapasa. Zinzake za mtundu womwewu ndabzala ine kuno m'kadimba ka a Wallace, iwo akulozera ndi ndodo pazenera. Pepala la kampani limati m'nyumba imeneyi ndizikhala mphindi makumi anayi ndi zisanu, ndipo za dothi mulibemo, ndiye ndimaba mphindi khumi khumi. Iwe ndiwe mlimi, sukhulupirira pepala. Bzala sabata ino, zidzachita maluwa ankhoswe asanakhale pansi. Ukadzawerenga udzandiuze.

Mabel


Lizulu, 5 Meyi 2024

Mabel,

Ndalemba ndekha, maso akuvuta koma sindikufuna Beatrice amve manyazi awa.

Ndinakubereka, ndinakuphunzitsa ndi makasu a ganyu, lero wakhala pa ndege wabwera kudzandivula pamaso pa mwana wanga. Ukuti choyera chili mwa ine. Ukuti chinabisala. Nena poyera kuti ukutanthauza mzungu wa ku esiteti uja ndinkamuchapira zovala bambo ako ali kapitawo. Anthu ananena zimenezo kale, bambo ako anawatseka pakamwa. Ndimayesa zinakwiriridwa. Sindinadziwe kuti wodzafukula ndi mwana wanga yemwe.

Kwathu kulibe zimenezi. Kwa bambo akonso kulibe. Nyemba za azungu akozo ndamuuza Godwin ataye kudzala.

Usandilemberenso mpaka udzaphunzire kulankhula ndi amako.

Nangozo


Kwa Kamtedza, 9 Juni 2024

Alamu,

Muli bwanji? Mwezi wathunthu mwangoti zii. Beatrice akuti nayenso simukumuyankha. Ngati apongozi akuletsani kulankhula nane ndimvetsa, magazi ndi magazi. Koma mundiuze, ndisamangoyang'ana kunjira.

Lachiwiri masana kunabwera anthu awiri pa njinga yamoto, osadziwika. Anapempha madzi akumwa. Mmodzi akumwa, mnzake maso ali pa chitseko changa, n'kufunsa azakhali kuti, "Kodi paja pano mpomwe pali kamzungu?" Azakhali anati mwasokera. Anapita akuseka. Amalume akhomera chitseko china mkati, ndipo akuti ankhoswe akadzathetsa banja iwo sangathe kutisunga, ali ndi ana awo.

Mwana wayamba kuseka. Akaseka amatsinzina diso limodzi ngati bambo ake.

Kondi


Tipton, 23 Juni 2024

Godwin,

Moni. Uwerenge wekha, kenako ukamuuze Kondi kuti sindinamutaye. Amayi usawauze kanthu, anandiletsa.

Ndinakhala chete chifukwa zinandithina. Mwana wa a Wallace, dzina lake Osborne, anabwera kuchokera ku Telford n'kundipeza ndili m'dimba ndikumangirira nsawawa ku timitengo, yunifomu ili matope. Bambo ake anali pazenera akusangalala, atasamba, atadya, atamwa mankhwala. Iye sanaone zimenezo. Anajambula n'kutumiza ku ofesi. Anandiitana ku mitingi, anthu atatu mbali inayo ya tebulo, ine ndekha mbali ino. Akuti ndinaphwanya pulani ya kasamalidwe. Anandiimitsa ntchito masabata awiri, foni ya ntchito anatenga, ndipo ine ndinangokhala m'chipinda changa ndikuwerenga masiku aja makumi asanu ndi limodzi ngati ayamba kale. Yanga yomwe ndinkaopa kuigwira. Ndikanalemba chiyani? Kuti amene amafuna kupulumutsa banja la eni wadzimiza yekha chifukwa cha nsawawa?

Sanandichotse. Andipatsa chenjezo lomaliza, ndasaina. Tsopano ndikalowa m'nyumba ya munthu ndimaopa ngakhale kuthirira duwa la pawindo.

A Wallace anawasamutsira ku nyumba yosungira okalamba ku Telford, kufupi ndi mwana wawoyo. Sindinatsanzikane nawo. Kumeneko popanda galimoto sufikako, ndipo andiuza kuti ndikakawaona ndiye kuti ndaphwanyanso lamulo. Nyumba yawo aikapo chikwangwani chogulitsa.

Koma Lamlungu lapitali pochokera kutchalitchi ndinadzera njira ya m'mbali mwa ngalande. Mpanda wa kuseri uli ndi thabwa lothyoka. Godwin, zachita maluwa. Popanda wothirira, udzu uli m'chiuno, koma zachita maluwa. Ndinaima pamenepo ndi diresi la kutchalitchi, diso pa kabowo ngati wakuba, ndikuwerenga mitengo. Yofiirira 29, yoyera 11. Ndinawerenga katatu. Ndinalemba pa chikhatho, kenako ndinazindikira kuti mwini kope uja ndilibe njira yomuuzira. Ndinalira, azungu oyendetsa agalu akungondilambalala.

Za amayi zikundipweteka. Za mzungu wa ku esiteti ine sindinazimvepo chibadwire, ndazimva m'kalata yawo. Sindinanene zimenezo, ndipo sindikumvetsa chifukwa chomwe akwiyira chonchi. Koma sindingabweze mawu oona kuti ndikhale mwana wabwino.

Werenga kalata ya Kondi yomwe ili kwa Beatrice. Anthu ayamba kufunsa za mwana wako pakhomo. Kaya mbewu zija unataya, kaya unadya, pita ukawatenge.

Mabel


Lizulu, 7 Julayi 2024

Achemwali,

Pepani ndi zomwe zakuchitikirani. Jekete ndinalandira, likuthandiza.

Mbewu sindinataye. Mlimi sataya mbewu, makamaka yochokera kunja. Ndinaganiza kuti ikachita bwino ndidzakhala ndekha pa Lizulu wokhala ndi mtundu umenewu. Ndinabzala pa 6 Meyi kumunsi kwa dimba, pa katope paja, kuti zitalikirane ndi nsawawa zanga komanso kuti amayi asaone, poti iwo safikako. Njoka sindinaipeze. Dothi lake ndi labwino zedi, lakuda bii.

Zinamera 52. Sabata ino zachita maluwa, ndipo ndikuuzeni mosabisa, mzungu wanuyo anakupusitsani. Mbewuyi ndi yosakaniza. Mitengo 38 ili ndi maluwa ofiirira okongola, koma 14 ndi yoyera wamba ngati zathu zomwezi. Ndi zomwe amachita mavenda pamsika pano, kuthira mbewu yachabe m'paketi ya yabwino. Ndinadabwa kuti ngakhale ku Ulaya ziliko.

Chondizunguza mutu n'chakuti pobzala ndinaziyala pa nsalu n'kuziyang'ana imodzi imodzi, monga ndimachitira. Zonse zinali zofanana, khungu lotuwa la timadontho. Diso langa silinandinamizepo pa mbewu. Wosakanizayo ndi katswiri.

Mawa ndikazula zoyerazo zisanawononge zinzake, ndi mmene alangizi amatiphunzitsira. Imodzi ndazula kale kuti ndiwaonetse amayi mbewu ya mwana wawo wa ku Ulaya.

Za anthu a njinga ndamva. Sindinagone bwino, sindikana. Koma ndikapita kukawatenga ndiye kuti ndavomera pamaso pa Lizulu yense. Tidikire ankhoswe.

Godwin


Lizulu, 14 Julayi 2024

Mwana wanga Mabel,

Ndine amako. Ndinati usandilembere, ndiye ndalemba ndine. Ukhale pansi powerenga.

Lamlungu lapitalo Godwin anabwera ndi mtengo wa nsawawa m'manja, mizu ili lende, maluwa oyera. Anauponya pakhonde akuseka, akuti onani mbewu ya achemwali. Ndinamufunsa kuti wabzala kuti. Anati pa katope.

Mabel, kalata yako ija ndinaimva bwino lomwe. Sunanene za mzungu. Za mzungu ndinazitola ndine kuti ndikutseke pakamwa, chifukwa unali utafika pafupi.

Iwe sindiwe woyamba kubadwa. Mu Juni 1981, bambo ako ali ku esiteti, ndinachira m'nyumba ya agogo ako, amake a bambo ako. Anali mwana wamkazi. Anali woyera ngati uyu wa Kondi. Azamba anayang'anana ndi apongozi anga, n'kumukulunga msanga. Anandiuza kuti ndi mtayo, wabadwa wakufa kale, ndipo mtayo sulira maliro, amakaika azimayi okha kumadzi. Anapita naye kumunsi kwa dimba. Anandilumbiritsa kuti ndikadzanena banja langa latha. Bambo ako anamwalira akudziwa kuti ndinapita padera.

Koma ine ndinamumva. Analira kawiri.

Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinapondeko pa katope. Njoka ija ndi imeneyi. Tsiku lomwe ndinaona mwana wa Kondi kuchipatala ndinaona wanga uja atabwerera kudzandifunsa. Ndinati apite kutali chifukwa sindikanatha kumuyang'ana, osati chifukwa Kondi analakwa. Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti mwanayo ndi wathu. Ndinasiya mwana wa eni anyozedwe miyezi isanu kuti ine ndibisale. Tchimo limeneli ndi langa.

Lolemba m'mawa Godwin anatenga khasu kuti akazule zotsalazo. Ndinamutsatira. Ndinapeza maluwa ali pamalo pomwepo, ofiirira ndi oyera osakanikirana, mitengo yogwirana manja. Ndinamuuza kuti aike khasu pansi. Ndinamuuza zonse ndakuuzazi, nditaloza pomwe wagona mlongo wake. Ndinati mbewu imeneyi palibe anasakaniza, ndiwe wekha unaiyang'ana pa nsalu. Ndinati ukafuna kuzula choyera uyambe ndi ine, ndine ndinakupatsa.

Godwin anaika khasu pansi. Anakhala pa mzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Kenako anapita kunyumba, anakatenga mtengo uja anazula dzulo lake, wofota kale, n'kuukwirira pamalo pake n'kuthirira. Iye ndi mlimi, akudziwa kuti nsawawa yozulidwa sigwiranso. Ndinangomusiya.

Ankhoswe tawauza kuti pa 3 Ogasiti asavutike. Sindikudziwa ngati Kondi atikhululukire, ndipo akakana sindimuimba mlandu. Mawa tikupita kwa Kamtedza, ine ndi Godwin. Ndagula chitenje chatsopano ndi ambulera. Ndikagwada ndine, pamaso pa amalume ake, ndipo ndikanena zonse anthu akumva. Pobwera mwanayo ndidzabereka ndine, tidzadutsa pakati pa msika masana.

Dzina ndili nalo. Ndinalikonza mu 1981 ndili ndi pakati, sindinapeze womupatsa. Ndi Mwayiwathu.

Ukadzapeza njira, uwauze agogo ako a nsawawa aja kuti kuno zinatuluka 38 ndi 14, alembe m'kope mwawo. Iwe gwira ntchito, usaphwanyenso malamulo awo, tidzakuona chingwe chikadzamasuka. Koma kuyambira lero, anthu akumeneko akakufunsa kuti kwanu munabadwa angati, usamanenenso kuti awiri.

Ndine mayi ako,
Nangozo